Mkonzi sagula ulendo wanu: mmene mlembi wa za maulendo woima payekha amadyera

Kalata imene akonzi a nkhani za maulendo amalandira tsiku ndi tsiku imayamba motere: mwezi wamawa ndikupita ku Zanzibar, kodi mungafune nkhani? Kalata yotere kawirikawiri siyankhidwa, ndipo woilembayo amatsala akuganiza kuti mkonzi ndi wamwano kapena ali ndi anthu ake. Mwano ulipo ndithu m'maofesi ena, koma vuto lalikulu lili m'kalatamo. Zanzibar si nkhani. Ndi malo, ndipo malowo analembedwapo kambirimbiri ndi anthu amene anafikako inu musanabadwe. Mkonzi alibe nazo ntchito zoti inu mukupita kuti. Chimene akusowa ndi chinthu choti aike pa tsamba lake chimene wowerenga sanachione kwina. Apa ndi pamene pagona ntchito ya mlembi wa za maulendo woima payekha, amene sanalembedwe ntchito ndi nyuzipepala kapena magazini iliyonse, amene amadya pokhapokha nkhani yake ikagulidwa.

Kuti malo asanduke nkhani pamafunika funso. Ku Zanzibar komweko, m'midzi ya kum'mawa monga Paje ndi Jambiani, amayi amalima ndere za m'nyanja zimene zimagulitsidwa kunja, ndipo kutentha kwa madzi kwakhala kukuwononga mbewu zawo m'malo osaya. Apo pali anthu, pali chimene akulimbana nacho, palinso chimene mlendo angaone ndi maso ake madzi akatsika. Kapena tengani njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860 kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, imene inamangidwa ndi thandizo la China m'zaka za m'ma 1970. Kungoti munakwera sitimayo palibe amene angakugulireni. Koma mmene sitimayo imasandukira msika wa anthu a m'masiteshoni ang'onoang'ono, kapena mmene munthu angakonzekerere ulendo umene nthawi yofika imadziwika mukafika, zimenezo mkonzi angaime n'kuwerenga. Muyeso wake ngwosavuta: ngati mungachotse dzina la malo m'chiganizo chanu, n'kuikapo dzina la malo ena, chiganizocho n'kukhalabe choona, ndiye kuti mulibe kanthu m'manja.

Kalata yogulitsira nkhani

Anthu a ntchitoyi amaitcha pitch, ndipo imakhala yaifupi, ndime zitatu kapena zinayi. Pa mutu wa imelo ikani mutu umene nkhaniyo ingakhale nawo itasindikizidwa, chifukwa akonzi ambiri amaweruza pomwepo asanatsegule n'komwe. Ndime yoyamba muilembe mmene nkhaniyo idzamvekere, kuti mkonzi alawe kalembedwe kanu osachita kufunsa. Kenako yankhani mafunso amene ali m'mutu mwake: mudzalankhula ndi ndani, mudzaona chiyani, nkhani idzakhala ya mawu angati, zithunzi zidzachokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani iyenera kutuluka tsopano osati chaka chamawa. Funso lomalizali ndi limene oyamba kumene amaliiwala. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chitatsegulidwanso mu Disembala 2024, chipsereni ndi moto mu Epulo 2019, nkhani za mzindawo zinapeza chifukwa chatsopano chotulukira, ngakhale Paris inalembedwa kale mpaka kutopetsa. Njira yatsopano ya ndege, lamulo la viza limene lasintha, kukwana kwa zaka 100 chichitikireni chinthu, zonsezi zimapatsa mkonzi chifukwa choti anene kuti inde mwezi uno. Za inu mwini mulembe komalizira, mizere iwiri basi, ndi malinki a nkhani zanu ziwiri kapena zitatu zimene mumazinyadira. Amene sanasindikizepo kanthu asaname, komanso asayambe ndi kupepesa. Angonena chimene chikumuika pafupi ndi nkhaniyo, kaya amadziwa chilankhulo cha kumeneko, kaya anagwirapo ntchito ya anthu amene akufuna kuwalembawo.

Musanatumize, werengani magazini imene mukuilemberayo, osati kope limodzi koma angapo otsatizana. Magazini iliyonse ili ndi magawo ake: tinkhani tatifupi ta kumayambiriro, gawo la zakudya, ndi nkhani yaitali ya pakati imene imapatsidwa kwa alembi amene mkonzi anawayesa kale. Wachilendo salowera pa nkhani yaitaliyo. Amalowera pa kankhani ka mawu 300, n'kukatumiza pa tsiku limene anagwirizana, kopanda cholakwa, kenako kachiwiri, mpaka dzina lake litakhala limodzi mwa mayina amene mkonzi amawakumbukira ntchito ikapezeka mwadzidzidzi. Fufuzaninso ngati sanalembe za malowo posachedwa. Kutsatsa nkhani imene inatuluka mwezi watha n'kudziulula nokha kuti simuwerenga pepala lawo. Magazini yotuluka mwezi ndi mwezi imakonza zinthu miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi isanasindikizidwe, choncho nkhani ya tchuthi cha kumapeto kwa chaka imagulitsidwa chaka chili pakati. Mawebusaiti amathamanga kuposa pamenepo, nthawi zina masabata ochepa chabe. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri popanda yankho, kumbutsani kamodzi mwaulemu. Kukakhalabe zii, pititsani nkhaniyo kwina, mutaikonzanso kuti igwirizane ndi owerenga a kumeneko. Kukanidwa ndi kusayankhidwa sikutha, ngakhale kwa amene agwira ntchitoyi zaka zambiri.

Kuti mudziwe chimene chikugulika lero, ndi bwino kudziwa kumene msikawu ukuchokera. Mabuku otsogolera apaulendo monga tikuwadziwira anayamba m'zaka za m'ma 1830, pamene Karl Baedeker ku Koblenz ndi John Murray ku London ankasindikiza mabuku ouza munthu njira, malo ogona ndi zoyenera kuona. Mu 1973 Tony ndi Maureen Wheeler anayambitsa kampani ya mabuku oterewa yotchedwa Lonely Planet atayenda ulendo wautali kuchoka ku London kudutsa Asia mpaka ku Australia, ndipo Rough Guides inatsatira mu 1982. Zaka zonsezo chimene mlembi ankagulitsa chinali chidziwitso chosowa: sitima imanyamuka nthawi yanji, chipata cha pa malire chimatsekedwa liti, ndi hotela iti imene ili ndi madzi. Lero zimenezo zili m'foni ya aliyense, kwaulere. Kenako kunagwa mliri wa Covid-19. Mu 2019 maulendo a alendo odutsa malire a mayiko anafika pafupifupi 1.5 biliyoni, mu 2020 anatsika ndi maperesenti oposa 70, ndipo magazini a m'ndege, amene anali msika wodalirika wa alembi oima paokha, anayamba kutsekedwa. Sky ya kampani ya Delta inaleka mu 2020, American Way ya American Airlines mu 2021. Alendo anabwerera, koma magazini ambiri sanabwerere.

Pamwamba pa zimenezo pabwera makompyuta olemba okha. Mu 2023 nyuzipepala ya The New York Times inapeza kuti pa Amazon pankagulitsidwa mabuku otsogolera apaulendo ooneka kuti analembedwa ndi makina, okhala ndi mayina a alembi amene kulibe. Mndandanda wa malo khumi oyenera kuona makina amaulemba m'masekondi, ndipo mlembi amene ntchito yake ndi kutola za pa intaneti n'kuzisanja bwino akupikisana ndi chinthu chosatopa komanso chosafuna malipiro. Ine ndimaona kuti zimenezi, ngakhale n'zowawa, zaonetsa poyera chimene ntchitoyi ili. Chatsala choti munthu n'kugulitsa ndi chimene makina sangachipeze: zimene munaona mutaima pamalopo, zimene munthu wina anakuuzani pamaso, ndi chiweruzo chanu chakuti ichi n'choyenera ndalama za wowerenga, icho ayi. N'chifukwa chake mlembi wodziwa chinthu chimodzi mozama, kaya ndi njanji, mbalame, maulendo a anthu olumala, kukwera mapiri kapena kuyenda ndi ana aang'ono, amakumbukiridwa msanga kuposa amene amalemba chilichonse chimene chamupeza.

Mukafika kumalo, ntchito ndi ya mtolankhani, osati ya munthu wa pa tchuthi. Lembani m'kope nthawi yomweyo, chifukwa zimene mukuganiza kuti simungaiwale zimafufutika masiku awiri asanathe. Ndipo lembani zinthu, osati mmene mukumvera: mtundu wa utoto wa pa chitseko, mawu amene wogulitsa matikiti ananena, maminitsi amene boti linachedwa, fungo limene linali pa doko. Mawu oti kokongola kapena kochititsa kaso mudzawapeza muli kunyumba, zenizenizo simudzazipezanso. Munthu aliyense amene mwalankhula naye alembe yekha dzina lake m'kope mwanu, pamodzi ndi nambala ya foni, chifukwa magazini akuluakulu ali ndi anthu otsimikiza mfundo amene adzafuna kumuimbira. Jambulani zikwangwani, ndandanda ya nthawi za mabasi, mapepala a mitengo ndi malisiti, osati kuti zisindikizidwe koma kuti zikhale umboni. Za zipangizo sindichedwapo: foni yabwino, batire lina lapadera, kope, ndi chizolowezi chosunga zolemba ndi zithunzi m'malo awiri usiku uliwonse.

Anthu amene mukuwalemba auzeni kuti ndinu ndani ndipo mawu awo akupita kuti. Pemphani musanajambule, ndipo ana musawajambule popanda kholo. Womasulira kapena wokuperekezani alipidwe monga wantchito, pa mtengo umene mwagwirizana musananyamuke, chifukwa nthawi zambiri ndi iye amene wakutsegulirani nkhaniyo. Ngati mkonzi alola, dzina lake litulukenso. Pali chizolowezi chakale choipa m'zolemba za maulendo chimene mlembi aliyense ayenera kudziyang'anira: kulemba eni dera ngati mbali ya malo, anthu omwetulira opanda dzina ndi opanda maganizo, amene angokhalapo kuti mlendo atolepo phunziro. Mumachipewa pofunsa mafunso amene mukanafunsa munthu wamkulu mnzanu kulikonse: bizinesi ikuyenda bwanji, chasintha n'chiyani, mukanakhala ndi mphamvu mukanakonza chiyani. Nkhani yeniyeni kawirikawiri imatuluka m'mayankho amenewo. Kumbukiraninso kuti zolemba ndi zithunzi zimasuntha makamu. Gombe la Maya Bay ku Thailand linatchuka mpaka boma linalitseka mu 2018 chifukwa unyinji wa maboti ndi alendo unawononga zamoyo za m'madzi, ndipo linatsegulidwanso mu 2022 ndi malamulo okhwima. Pali malo ena amene ndi bwino kuwafotokoza osapereka njira yeniyeni yokafikirako, makamaka eni ake akanena kuti sakufuna piringupiringu.

Nkhani itumizidwe pa tsiku lake, pa kutalika kumene munagwirizana. Mawu 2,000 pamene anapempha 1,200 ndi ntchito yoonjezera kwa mkonzi, si kuwolowa manja. Musanatumize imbaninso foni kutsimikiza mitengo, nthawi ndi maadiresi, popeza malo odyera amatsekedwa ndipo mabasi amasintha njira nkhani ili m'kompyuta. Phatikizanipo pepala lina losonyeza kumene mfundo iliyonse yachokera. Mkonzi akadula ndime imene mumaikonda, limbanani naye pokhapokha ngati kudulako kwapotoza choonadi.

Ulendo walipira ndani?

Pali nkhani imene imagawanitsa alembi kuposa ina iliyonse: maulendo olipiriridwa ndi ena. Mabungwe okopa alendo a mayiko, mahotela ndi makampani a ndege amaitana alembi, nthawi zina m'gulu, nthawi zina mmodzimmodzi, n'kuwalipirira tikiti, malo ogona ndi chakudya. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: wowerenga amakhulupirira nkhani ya m'magazini kuposa chotsatsa malonda. Kwa mlembi nakonso masamu ake ngosabisika. Malipiro a nkhani imodzi kawirikawiri safika pa mtengo wa tikiti ya ndege yokha, ndipo nyumba zofalitsa nkhani zimene zimabwezera mlembi woima payekha zonse zimene wawononga zatsala zowerengeka. Pakanapanda maulendo oterewa, ntchitoyi ikanatsalira ana a anthu olemera okha. Amene amanyoza anzawo chifukwa cholandira tikiti yaulere nthawi zambiri ali ndi wina kumbuyo amene akuwalipirira lendi.

Komabe wolipira ndiye amasankha njira. Ndondomeko ya ulendo amakonza ndi iye: mudzaona zimene akufuna kuti muone, mudzagona m'chipinda chabwino kuposa zonse, ndipo wantchito aliyense adzakhala atauzidwa kale kuti ndinu ndani. Zimene mukukumana nazo si zimene wowerenga wanu adzakumane nazo akadzafika ndi ndalama za m'thumba mwake. Palinso manyazi, amene amamanga munthu kuposa mgwirizano uliwonse wolembedwa: n'kovuta kulemba kuti chakudya chinali chozizira pamene mwini wake anakulandirani ndi manja awiri masiku onse amene munali kumeneko. Chifukwa cha zimenezi nyumba zina zofalitsa nkhani zimakaniratu. The New York Times siilandira nkhani imene ulendo wake unalipiriridwa ndi kampani kapena bungwe lokhudzidwa, ndipo magazini ya Condé Nast Traveler itayamba mu 1987 inatchuka ndi lonjezo lakuti alembi ake amayenda osadziulula ndipo salandira zaulere. Ena amalola, bola pansi pa nkhani palembedwe amene analipira.

Choncho muuzeni mkonzi m'kalata yoyamba yomwe kuti ulendo walipira ndani, asanafunse. Mukabisa n'kudzadziwika pambuyo pake, kumeneko simudzalembakonso, ndipo akonzi amalankhulana. Kwa wokuitananiyo, musalonjeze nkhani imene mkonzi sanavomere, musalonjeze kuti idzakhala yotamanda, ndipo musalole kuti aione isanatuluke. Pemphani tsiku limodzi kapena awiri opanda ndondomeko, oti muyende nokha, mudye kumene mwasankha ndi ndalama zanu. M'gulu la alembi amene aonetsedwa zinthu zofanana ndi kumva malankhulidwe ofanana, nkhani yanuyanu idzachokera m'maola amenewo. Ngati mumalemba pa tsamba lanu kapena pa Instagram, kuulula si ulemu chabe: ku United States bungwe la Federal Trade Commission, ndi ku Britain la Advertising Standards Authority, amafuna kuti wolipidwa kapena wopatsidwa zinthu kuti atsatse malonda anene poyera. Amene akufuna kukumana ndi oitana alembiwa amawapeza pa ziwonetsero za malonda a zokopa alendo, monga ITB ku Berlin mu Malichi, World Travel Market ku London mu Novembala, ndi Africa's Travel Indaba ku Durban.

Ndalama ndi umwini

Mkonzi akavomera, musathamangire kulongedza chikwama. Pemphani kuti zonse zilembedwe, ngakhale mu imelo chabe: kutalika kwa nkhani, tsiku lotumiza, malipiro, ngati zithunzi zili ndi mtengo wakewake, ndi amene adzalipire zowonongedwa pa ulendo. Ena amalipira pa liwu lililonse, ena pa nkhani yonse. Chofunika mofanana ndi kuchuluka kwa ndalamazo ndi nthawi imene zidzabwere. Pali olipira nkhani ikalandiridwa, palinso olipira ikasindikizidwa. Gulu lachiwirili lingasunge nkhani yanu miyezi yambiri, kenako n'kuwerenganso masiku 30 kapena 60 kuchokera pa tsiku la invoyisi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: ndalama imene sinalowe mu akaunti musaiwerengere pa lendi. Funsaninso za chipukuta misozi chimene amapereka akaitanitsa nkhani kenako n'kuisiya popanda cholakwa chanu. Amachitcha kill fee, ndipo nthawi zambiri chimakhala kotala kapena theka la malipiro. Ngati sichinalembedwe, musachiyembekezere.

Mbali ya mgwirizano imene oyamba kumene amaidumpha ndi ya umwini, ndipo ndi imene imawadyera ndalama zambiri. Malinga ndi pangano la Berne la 1886, limene mayiko ambiri a dziko lapansi analowamo, zimene mwalemba ndi zanu kuyambira nthawi imene mwazilemba, popanda kukalembetsa kulikonse. Chimene mumagulitsa kwa magazini ndi chilolezo. Mukhoza kugulitsa ufulu wosindikiza koyamba wokha, m'dziko limodzi kapena kwa nthawi yoikika, nkhani n'kubwerera kwa inu kuti muigulitsenso kwina kapena mudzaiike m'buku. Mukhozanso kusaina kuti ufulu wonse wapita, ndipo pamenepo ngakhale inu mwini simungaiikenso pa tsamba lanu popanda kupempha. Makampani akuluakulu masiku ano amakonda kufuna zonse. Nthawi zina mphamvu yokana mulibe, koma kufunsa mwaulemu si mlandu, ndipo ena amafewetsa mgwirizano kwa amene wafunsa yekha. Samalani kwambiri ndi zithunzi, chifukwa chithunzi chimodzi chingagulitsidwe mobwerezabwereza kwa zaka. Yang'ananinso ndime yonena kuti mlandu uliwonse wochokera m'nkhaniyo udzakhala pamutu panu nokha. Kampani ili ndi maloya, inu mulibe. Pemphani kuti ndimeyo izikhudza zimene inuyo mwaphwanya pa mgwirizano basi.

Popeza nkhani imodzi siilipira ulendo, ulendo umodzi ubale nkhani zingapo, ndipo zimenezi zimakonzedwa musananyamuke. Pa TAZARA paja, magazini ya maulendo ingafune ulendo wonse, tsamba la zamalonda lingafune za katundu amene njanjiyo imanyamula, la zakudya lingafune kankhani ka zogulitsidwa pa mawindo a sitima, ndipo la mbiri yakale lingafune za anthu amene anaimanga. Uku si kugulitsa nkhani imodzi kanayi, kumene kuli kuphwanya mgwirizano. Iliyonse ili ndi funso lake, anthu ake ndi ziganizo zake zatsopano. Ngakhale zitatero, amene amakhalira nkhani za maulendo zokha ndi ochepa. Ambiri amalemberanso makampani, amakonza zolemba za ena, amaphunzitsa, kapena ali ndi kalata ya pa imelo imene owerenga amalipira, monga za pa Substack. Ena amatenga ganyu yokonzanso mabuku otsogolera apaulendo, yoyendera hotela ndi hotela kuona ngati zimene zinalembedwa zikadali choncho. Ndi yotopetsa, koma imaphunzitsa munthu kusakhulupirira chinthu asanachione. Ndipo ngati hotela ikukulipirani kuti muilembere zotsatsa malonda, simungailembenso m'nyuzipepala ngati munthu wosakondera mbali.

Msonkho palibe amene amakudulirani mwezi ndi mwezi monga amachitira kwa wolembedwa ntchito. Patulani gawo la ndalama iliyonse tsiku limene yalowa, sungani malisiti onse, ndipo khalani ndi kabuku kosonyeza nkhani iti inapita kwa ndani, invoyisi inatumizidwa liti, ndipo ndani sanalipire. Makampani a ku United States amafuna kuti mlembi wa kunja adzaze fomu ya W-8BEN yotsimikiza kuti si nzika kapena wokhala m'dzikolo. Popanda fomuyo malipiro angachedwe kapena kudulidwa. Funsaninso msanga njira imene amalipirira. PayPal, Wise ndi Payoneer sizigwira ntchito mofanana m'mayiko onse, ndipo pali mayiko amene munthu angatumize ndalama pa PayPal koma osalandira. Ndalama zodutsa m'mabanki zimadulidwa panjira, ndipo pa kankhani kakafupi chodulidwacho chimamveka. Polondola ngongole, yambani ndi a ku ofesi ya zachuma. Mkonzi kawirikawiri alibe mphamvu pa malipiro, ndipo mukumufunabe pa nkhani yotsatira.

Chotsala ndi malire a mayiko. Si kulikonse kumene viza ya mlendo wokaona malo imalola ntchito ya utolankhani. United States ili ndi viza yakeyake ya atolankhani akunja, ya mtundu wa I, ndipo India ili ndi ya J. M'mayiko ena pamafunika chilolezo cha boma musanayambe kufunsa anthu mafunso kapena kujambula. Kusiyanitsa mlendo wolemba m'kope ndi mtolankhani dziko lililonse limachita mwa njira yake, choncho funsani ku ofesi ya kazembe musanagule tikiti, ndipo musaname pa fomu, chifukwa bodza likadziwika mungaletsedwe kulowanso m'dzikolo. M'mayiko a ku Ulaya amene ali mu mgwirizano wa Schengen mlendo wa kanthawi saloledwa kupitirira masiku 90 m'masiku 180 aliwonse, mayiko ambiri amafuna pasipoti imene yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ena sakulowetsani popanda khadi la katemera wa matenda a yellow fever, limene kuyambira 2016 limagwira ntchito moyo wonse. Tindege tojambulira, totchedwa drone, timalandidwa pa bwalo la ndege m'mayiko monga Morocco ngati mulibe chilolezo. Malo a asilikali, milatho ndi mabwalo a ndege musawaloze ndi kamera musanafunse. Inshulansi muiwerenge bwino, chifukwa ina imakana kulipira ikadziwa kuti munali pa ntchito, osati pa tchuthi.

Mapasipoti nawonso safanana mphamvu. Mlembi wina amagula tikiti lero n'kunyamuka mawa, pamene mnzake amadikira masabata kuti akaonekere ku ofesi ya kazembe, atanyamula mapepala a ku banki ndi umboni wakuti adzabwerera. Wotereyu sangapikisane pa nkhani zofuna liwiro, ndipo aziwerengera nthawi ya viza polonjeza tsiku lotumiza. Kalata ya mkonzi yotsimikiza kuti waitanitsa nkhaniyo imathandiza pa pempho. Koma ali ndi msika wina umene ambiri sauona chifukwa uli pafupi kwambiri: kumene iye amakhala, wina akusunga ndalama kuti adzakuone. Nthawi ya mliri, pamene ndege zinaima, akonzi ambiri anazolowera kufunafuna alembi okhala kumalo komweko, chifukwa safuna tikiti, amadziwa chilankhulo, ndipo akhoza kubwerera kukafunsa funso limene linaiwalika. Vuto la wolemba za kwawo ndi lakuti zimene wowerenga wakutali angadabwe nazo iye saziona, poti anazizolowera. Amazionanso akayenda m'dera lake ndi kope monga akanachitira kwina, akakwera basi imene sanaikwerepo mpaka kumene imathera, akafunsa mtengo umene akuganiza kuti akuudziwa, ndiponso akaperekeza mlendo weniweni tsiku lathunthu n'kumalemba mafunso onse amene mlendoyo akufunsa.